Denga la udzu ndi lodula kuposa la malata

Mawu okambidwa pamaso pa makomiti a chitukuko a m'midzi ndi m'madera



Munthu woyenda mumsewu wa M1 kuchokera ku Bembeke kudzafika pa Chimbiya safuna kuuzidwa kuti khomo lopeza bwino ndi liti. Madenga amanena okha. Apa malata akunyezimira, pafupi pomwepo pali nyumba ya zidina, udzu wake wakuda ndi utsi, pulasitiki ikusuzumira pansi pake. Mabanja awiriwo amalima mbatatesi m'dimba limodzi ndipo amapemphera mpingo umodzi, koma chaka chilichonse amatalikirana, ndipo denga lili ndi gawo pa kutalikirana kumeneko.

Ambiri amati nyumba ya udzu ndi yotsika mtengo. Ndi yotsika mtengo tsiku loyamba lokha. Mwini malata amalipira kamodzi, n'kukhala zaka zambiri osakweranso padenga. Mwini udzu amalipira pafupifupi chaka ndi chaka: mitolo ya udzu, pulasitiki yatsopano, milimo ya m'malo mwa yomwe chiswe chadya, komanso wofolera ngati pakhomo palibe wamphamvu. Udzuwo sukupezekanso ngati kale, pakuti madambo ambiri asanduka madimba ndipo otsalawo amapsa ndi moto wolusa. Choipitsitsa ndi nthawi yake. Kufolera kumagwa mu Okutobala ndi Novembala, pomwe banja likufunanso ndalama ya feteleza ndi mbewu. Mayi wamasiye amene wasankha denga amachepetsa feteleza, nakolola zochepa. Akasankha feteleza, ana ake amagona chokhala mvula ya Januwale ikamadontha, chimanga chimafumbwa, makope a sukulu amanyowa.

Kuno kumapiri kulinso chisanu. Tawuni ya Dedza ndi imodzi mwa matawuni okwera kwambiri m'dziko muno, ndipo mu Juni ndi Julayi banja la m'nyumba ya ming'alu limakoleza moto m'kati, n'kutseka chitseko. Ana amapuma utsi usiku wonse, chifuwa ndi chibayo n'kumabwerezabwereza. Tsiku limene mayi ali pamzere kuchipatala ndi tsiku limene sanapite kuganyu.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 830,512 m'boma la Dedza, ndipo anasonyeza kuti m'dziko lonse nyumba yoposa imodzi mwa zitatu zilizonse inali ya dothi ndi udzu. Mu 2014 boma linayambitsa ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo, yomwe inkafikira mabanja 80 m'dera la phungu aliyense pa chaka, wolandirayo n'kubweza theka la mtengo. Pa madera asanu ndi atatu amene Dedza inali nawo, amenewo ndi mabanja 640. Amene analandira akugona pouma, ndipo zimenezo n'zosanyozeka. Koma woti n'kubweza ngongole, ali kale ndi khoma lokhoza kusenza malata, kawirikawiri sanali wosaukitsitsa wa m'mudzimo.

Kuchokera pamenepo mitengo yathamanga. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo simenti, malata ndi misomali zinakwera motsatira. Amene anamanga kale tsopano akukweza lendi. Mnyamata wonyamula katundu pamsika wa pa Boma amapereka gawo lalikulu la zomwe wapeza pa kachipinda kamodzi kopanda windo, chimbudzi chake chogawana ndi mabanja angapo. Ndalama imachoka kwa wopanda nyumba, n'kupita kwa amene ali nazo zitatu.

Pali nkhani ina imene sikambidwa poyera. M'midzi ya chikamwini, abambo ena amazengereza kumanga nyumba yolimba poopa kuti banja likatha adzachoka chimanjamanja. Ndalama ya mbatatesi imagula njinga yamoto, yomwe munthu angachoke nayo, ana n'kumagonabe modontha. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola banja kulembetsa malo ake, ndipo mwamuna ndi mkazi angathe kulembedwa onse awiri. Mafumu ndi ankhoswe ndiwo angamasule anthu pa mantha amenewa.

Pempho la khonsolo kwa makomiti ndi ili. Mudzi uliwonse ukhale ndi kaundula wa nyumba zimene sizingapirire mvula ikubwerayi, ndipo maina awerengedwe pabwalo, anthu onse akumva, thandizo lililonse lisanafike. Okalamba, olumala ndi ana olerana okha alembedwe poyamba. Magulu a banki mkhonde aganizire zogula malata pamodzi, lata limodzi limodzi, mpaka denga la membala mmodzi litakwana, kenako la wina. Ndipo omanga afunse amisiri za njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zoumba pamakina osawotcha, chifukwa nkhuni zambiri za mauvuni a njerwa zikuchokera m'nkhalango za Chongoni ndi Dzalanyama. Kaundulayo akafike kwa wapampando wa komiti ya chitukuko ya m'dera mwezi wa Seputembala usanathe.