Mnyamata wa Mikate Isanu



Alembi onse anai a Mthenga Wabwino adasimba za tsiku lija Ambuye Yezu adadyetsa anthu 5,000. Koma ndi Yohane woyera yekha, pa mutu 6, amene adakumbukira kutiuza mwini chakudyacho. Adali mnyamata, amene adatenga mikate isanu yabarele ndi tinsomba tiwiri, kamba wa amphawi. Filipo adataya nthawi ndi kuwerengera ndalama zimene zidalibepo. Andrea ndiye adamuona mwanayo, ndipo ngakhale iye yemwe adakayika, adamtchula pamaso pa Ambuye. Funso lathu lero ndi ili: kodi m'miphakati mwathu Andrea alimo?

Tiyeni tinene zoona. Tsiku la Ulimbitso tchalitchi chimadzaza, Ambuye Episkopi amadzoza ana athu ndi mafuta oyera, makolo nkuphika mpunga. Pakapita miyezi itatu, awerengeninso ana aja. Ambiri sitiwaonanso kufikira tsiku limene adzabwere kudzalembetsa ukwati, kapena, Mulungu atichitire chifundo, tsiku limene tidzawanyamule. Sakramenti limene liyenera kuwalowetsa mu ntchito ya Eklezia lasanduka ngati chitupa chotsazikira. Ife akulu timafulumira kunena kuti ana a masiku ano ngosamva, ati awonongeka ndi mafoni. Komatu tidzifunse: mwana wa zaka 15 akabwera ku mphakati, timampatsa chiyani? Timamtuma kukatenga mipando. Akamaliza akhale kumbuyo, asalankhule, poti akulu alipo. Nanga sabata yamawa abwererenji?

Eklezia sadayambe wayesa msinkhu umenewu wachabe. Kizito woyera, amene dzina lake lili pa seminale yaing'ono ya ku Dedza, adali ndi zaka pafupifupi 14 pamene adatenthedwa ku Namugongo, m'dziko la Uganda, pa 3 June 1886. Adambatiza ndani? Osati wansembe ai, koma Charles Lwanga, mnyamata mnzake wokulirapo, amene ankayang'anira anyamata otumikira kubwalo la mfumu Mwanga. Taonani, wachinyamata adalimbitsa wachinyamata mnzake kufikira pamoto, ndipo mu 1964 Eklezia adawalengeza onse awiri kuti ndi oyera.

Tsono tichite bwanji? Wansembe wina wa ku Belgium, Joseph Cardijn, amene gulu lake la achinyamata apantchito lidavomerezedwa ndi Papa mu 1925, adatisiyira njira ya masitepe atatu: kuona, kulingalira, ndi kuchita. Ndiyo njira imene a YCS amatsata m'sukulu zathu za sekondale. Nzeru yake yagona pa sitepe loyamba. Sitiwauza ife zoti achite. Timawatuma kuti akaone okha. Apite awiriawiri m'mudzi, akabwere atiuze: ndi agogo ati amene denga lawo latha udzu pamene mvula ili pafupi? Ndani akumwa madzi a padambo chifukwa alibe womtungira kumjigo? Ndi mwana uti wasiya sukulu, ndipo wasiyiranji? Mudzadabwa, abale. Ana amadziwa zambiri za m'mudzi kuposa ife, pakuti amalowa m'makomo momwe ife timangoima pabwalo nkuodira. Akabwera nazo, akhale pansi ndi Mau a Mulungu, alingalire chimene Ambuye akadachita, kenaka asankhe ntchito imodzi yokha, yoti aithe Loweruka likudzalo. Mwana amene wafolera nyumba ya mai wamasiye ndi manja ake, nkuona maiyo akugwetsa misozi, safunikanso kumkokera ku Misa ndi chingwe.

Pano tichenjezane pang'ono. Kutumikira osauka nkwina, kulima munda wa parishi mwaulere nkwinanso. Achinyamata amazindikira msanga ngati tikuwayesa aganyu osalipidwa, ndipo akazindikira sabweranso. Ndiponso tisawaitane ku ntchito pamene mayeso a JCE kapena a MSCE ali pakhomo. Kuphunzira ndiyo ntchito yoyamba imene Mulungu wawapatsa pa msinkhu uno.

Kwa inu makolo amene mumakaniza ana anu aakazi kupita ku gulu, mantha anu tikuwamva, ndipo si opanda pake. Chifukwa chake gulu lililonse likhale ndi bambo mmodzi ndi mai mmodzi a mbiri yabwino, osankhidwa ndi mphakati, oyenda nawo kulikonse. Misonkhano ithe dzuwa lisanalowe, ndipo pasapezeke wamkulu aliyense, ngakhale wansembe amene, wotsekera mwana m'chipinda ali awiriwiri. Koma alangizi amenewa akhale ngati Andrea: amfikitse mwana kwa Ambuye, osamlanda mikate yake. Wapampando akhale wachinyamata, mlembi wachinyamata, ndipo ngakhale kathumba ka ndalama kasungidwe ndi mmodzi wa iwo, azifotokoza pamaso pa anzake mwezi ndi mwezi. Adzalakwitsa, inde. Kodi makomiti athu a akulu sadasokonezepo ndalama?

Inu akatekisi, mabuku a Ulimbitso ali m'manja mwanu. Tikupemphani kuti sabata ino mutsegule buku la zaka ziwiri zapitazi, mulembe maina a onse amene sakuonekanso, ndi kuwagawa ku miphakati yao. Aliyense ayenderedwe kwao, osati kukamdzudzula, koma kukamuuza kuti pali denga lofuna kufolera ndipo manja akuchepa. Lamulungu likudzali, pambuyo pa Misa, atsogoleri a miphakati akhale pansi ndi achinyamatawo, ndipo oyamba kulankhula akhale anawo.

Ambuye akudalitseni nonse, pamodzi ndi ana anu.