Galasi likachita nthunzi, kansanza si mankhwala

Mwandipatsa mphindi zochepa, ndiye ndingolowa m'nkhani. Ambirife tilibe galimoto, zoona, koma ena muli kusukulu yoyendetsa, ena mumatumidwa ndi ya makolo, ndipo tonsefe timakwera. Mu Juni ndi Julaye, pa M1 cha ku Dedza kapena ku Chikangawa, dalaivala amatha kuyenda asakuona bwino kutsogolo. Kunja kuli chifunga, mkati galasi layera ndi nthunzi, iye dzanja lina lili pachiwongolero, lina likupukuta ndi kansanza. Wapanjinga amene ali m'mbali mwa msewu amuona nthawi yanji?

Nthunzi ija timabwera nayo ndife tomwe. Mpweya umene timapuma uli ndi chinyezi, ndipo kukakhala chiperoni timalowanso ndi majuzi onyowa. Chinyezicho chikakhudza galasi lozizira chimasanduka timadontho, monga limachitira botolo lochokera mufiriji. Mukapukuta, pakangopita kanthawi yabwereranso.

Chimene chimathandiza ndi batani la AC, lomwe ambiri amaliyesa la mu Okutobala basi. Kupatula kuziziritsa, AC imaumitsa mpweya. Mpweyawo umadutsa pa kachipangizo kozizira kwambiri kuseri kwa dashibodi, chinyezi n'kutsalira pomwepo, kenako n'kudonthera pansi. Timadzi tija mumationa pansi pa galimoto ikaima n'timeneto. Ndiye yatsani AC pamodzi ndi hita, lozetsani mpweya kugalasi, fani muikweze. Ziwirizi sizilimbana ayi: AC iyamba yachotsa chinyezi, hita n'kutenthetsa, ndipo mpweya wouma wofunda umayeretsa galasi msanga.

Palinso batani lina lokhala ndi chithunzi cha galimoto ndi kamuvi kokhota mkati mwake. Limenelo limatseka mpweya wakunja n'kumazungulitsa womwewo. Pamsewu wafumbi kapena kumbuyo kwa lole yofuka utsi ndi labwino, koma galasi likachita nthunzi lizimitseni. Ngati AC inafa kalekale, monga m'maminibasi ambiri, tsitsani mawindo pang'ono. Okwera adandaula, asiyeni.

Mwina mukuti, nanga mafuta? AC imadyadi mafuta, chifukwa kompuresa yake imazungulitsidwa ndi lamba wa injini. Hita siili choncho. Imangotenga kutentha kwa madzi oziziritsa injini, amene amafika pafupifupi madigiri 90, kutentha komwe kukanatayika kurediyeta. N'chifukwa chake m'mawa, injini isanatenthe, hita imakupemererani mphepo yozizira. Palibe chifukwa choimira pabwalo nthawi yaitali injini ikulira. Galasi likayera nyamukani pang'onopang'ono, itentha msanga ikuyenda. Koma AC musaisiye miyezi yonse yozizira osaiyatsa. Mphindi 10 pa sabata n'zokwanira kuti oyilo wake azungulire, timalabala tisaume n'kuyamba kutaya gasi.

Hita ikapanda kufunda ngakhale mwayenda mtunda wautali, onani ngati madzi a injini achepa, koma injini itazizira kaye, chifukwa chivindikiro cha rediyeta yotentha chimawotcha. Mufunsenso makaniko ngati thermostat ilipo. Ena amaichotsa poganiza kuti kuno n'kotentha, chonsecho popanda iyo injini imachedwa kutentha ndipo imadya mafuta ambiri. Ine ndimati ibwezeretsedwe.

Chomwe ndimaopa kwambiri ndi ichi. Pamaliro kapena paulendo wausiku, munthu amalowa m'galimoto, n'kuyatsa injini ndi hita kuti agone mofunda. Utsi wa injini uli ndi carbon monoxide, mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Sununkha, suoneka. M'galaja musayerekeze n'komwe, ndipo ngakhale panja, ekizozi ikakhala yobooka utsi umalowa. Tengani bulangete, injini muzimitse. Nanu oyendetsa usiku, hita yambiri imabweretsa tulo. Mukayamba kuyasamula ichepetseni, mutsegule windo, ndipo zikapitirira imani pamalo abwino mupume kaye.