Kuŵerenga Tizilombo Pofuna Kudziŵa Ngati Mtsinje Wadwala

Anthu akathira katupe padziŵe, sipafunika katswiri kuti anene chimene chachitika, pakuti nsomba zimayandama aliyense akuona. Vuto lili pa mankhwala amene amaloŵa m'madzi pang'onopang'ono kuchokera m'minda ndi m'mafakitale. Madzi amaoneka oyera, anthu natunga, koma zamoyo za pansi pa miyala zikutha.

M'chaka cha 1948, mayi wina wa ku America, Ruth Patrick, adatsogolera gulu la akatswiri kukafufuza mtsinje wa Conestoga ku Pennsylvania. Iwo sadangoyeza madzi ayi. Adaŵerenga nsomba, tizilombo ndi ndere zosaoneka ndi maso zotchedwa diatom. Adapeza kuti m'madzi abwino mumakhala mitundu yambiri ya zamoyo, popanda mtundu wochuluka mopitirira. Koma m'madzi oipitsidwa mitundu yofooka imafa, ndipo yolimba yoŵerengeka imaswana nkudzaza malo onse. Choncho mtsinje wodwala ungathe kukhala ndi tizilombo tochuluka kuposa mtsinje wabwino. Apa mpamene ambiri amanyengeka.

Nanga kusiyanaku kungalembedwe bwanji m'masamu? Mu 1949 Mngelezi wina, Edward Simpson, adapereka njira yosavuta. Munthu atole tizilombo tiŵiri mosasankha, ngati wochita maere, ndipo afunse kuti: kodi nkangati pamene tiŵirito tidzakhala ta mtundu umodzi? Omvera ayerekeze mitsinje iŵiri, uliwonse wapereka tizilombo 100 ta mitundu 10. Woyamba uli ndi tizilombo 10 pa mtundu uliwonse. Wachiŵiri uli ndi 91 ta mtundu umodzi, mitundu inayo kamodzikamodzi. Mumtsinje woyamba tiŵirito tidzafanana pafupifupi kamodzi pa maulendo 10, koma mwa wachiŵiri koposa kasanu ndi katatu. Woŵerenga maina a mitundu yokha akadati mitsinjeyi njofanana.

Komabe chiŵerengero chimodzi sichigamula mlandu. Chilala ndi madzi osefukira nazonso zimapha tizilombo, ndipo mwini fakitale sachedwa kuloza kumwamba. Nchifukwa chake Roger Green, m'buku lake la 1979, adalangiza kuŵerenga pamalo aŵiri, kumtunda ndi kumunsi kwa fakitale, ntchito isanayambe ndiponso itayamba. Chilala chimagunda malo onse aŵiri, pamene mankhwala amatsata madzi kumunsi kokha. Ngati kumtunda kuli monga kale koma kumunsi mitundu yachepa, mwini fakitale ayenera kuyankhapo.