BOWA WABWINO NDI BOWA WAKUPHA

Awa ndi mau amene mnyamata wa ku Ofesi ya Nkhani za Boma analankhula kwa anthu a m'midzi. Tawalemba pano kuti amene sanafike pa msonkhano awerenge, ndi kuwerengeranso anzao.

 Ndidziwa kuti ino ndi nyengo yopalira, tsono sindikusungani nthawi yaitali.

Nkhani yanga ndi ya bowa. Ine ndine mwana pamaso panu, ndipo sindinabwere kudzaphunzitsa amai kuzula bowa, pakuti iwo adziwa maina a bowa ambiri koposa ine. Chimene ndatenga ndicho zimene madotolo ndi akatswiri a zomera anapeza za bowa wakupha, kuti tiziphatikize ndi nzeru zanu.

Bowa ndi ndiwo zabwino. Kuyambira Disembala kufikira Malichi, pamene m'nkhokwe mwatsala pang'ono ndipo nyemba sizinache, utale, manda, nyonzwe, manyame ndi ndelema ndizo zithandiza mabanja kudyera nsima. Amai ambiri apezanso ndalama ya sopo ndi mchere pogulitsa bowa m'mbali mwa mseu. Kotero palibe amene ali kunena kuti muleke kudya bowa, iai. Koma mvula ikagwa timamva kuti banja lakuti lagonekedwa m'chipatala, ndipo nthawi zina maliro awiri kapena atatu atuluka m'nyumba imodzi, chifukwa onse anapisa m'mbale imodzi. Imfa yotere tingathe kuipewa.

CHIFUKWA CHIANI ANTHU ALAKWITSA?

Makolo athu anasiyanitsa bwino: wodyedwa anamutcha bowa, wosadyedwa anangoti chirombo. Iwo anaphunzira m'nkhalango zao za mombo ndi msuku, mwana wamkazi ali pambuyo pa amai ache. Lero zinthu zinasintha. M'malo ambiri nkhalango zija zinatha, ndipo tinabzala mitengo yochokera kunja, monga paini wa ku Chikangawa, ku Zomba ndi ku Dedza, ndi bulugama. Bowa wambiri amera pamodzi ndi mizu ya mitengo, mtundu uli wonse ndi mtengo wache. Mtengo wachilendo ukafika, ufika ndi bowa wache wachilendo, amene agogo athu sanamuonepo.

Chachiwiri, kawiri kawiri tituma ana kutchire okha, ndipo mwana angozula chiri chonse chooneka chokongola. Chachitatu ndi njala: ndiwo zikasowa, munthu anena kuti "afanana ndi uja," naponya m'dengu. Chachinai, anthu asamuka. Mkazi wokwatiwa ku boma lina apeza kuti dzina limene kwao atchula bowa wina, kuno atchula nalo wina.

ADANI ATATU

Woyamba ndi uja amera pa udzu, m'mabwalo a sukulu, m'madambo odyetsa ng'ombe ndi pafupi ndi makola. Akatswiri amutcha Chlorophyllum molybdites. Ndi wamkulu, woyera, wa mamba a bulauni pamwamba, ndipo anthu amuyesa bowa wa pachulu. Ali wamng'ono, timizere ta kunsi kwa chipewa chache tiri toyera, koma akakula tisanduka tobiriwira. Mukadula chipewacho ndi kuchivundikira pa pepala loyera usiku umodzi, m'mawa mupeza fumbi lobiriwira. Kumbukirani kuti utale ndi nyonzwe ali ndi muzu wautali wolowa pansi kufikira ku nyumba ya chiswe. Mdani uyu alibe muzu wotere; tsinde lache lithera pa kachibulumwa pamwamba pa nthaka. Munthu akamudya ayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba kwambiri pasanapite maola 3. Wamkulu wamphamvu achira, koma mwana kapena nkhalamba angathe kufooka koopsya chifukwa cha kutha madzi m'thupi.

Wachiwiri amera pansi pa paini. Dzina lache ndi Amanita muscaria. Chipewa chache nchofiira, cha timadontho toyera pamwamba. Mvula yamphamvu ichotsa timadonthoto, ndipo pamenepo munthu angathe kumuyesa bowa wofiira wa m'nkhalango ya mombo amene anazolowera. Wodya bowa ameneyu achita chizungulire, adzandira ngati woledzera, alankhula zosamveka, thupi linjenjemera, kenaka agona tulo tofa nato.

Wachitatu ndiye woopsya koposa onse, Amanita phalloides. Anthu ambiri amene afa ndi bowa pa dziko lonse lapansi aphedwa ndi ameneyu ndi abale ache. Kwao ndi ku Ulaya, koma anayenda ndi mbande za mitengo nafika ku America, ku Australia ndi ku South Africa. Chipewa chache nchobiriwira pang'ono monga tsamba lofota, nthawi zina chotuwa kapena choyera. Timizere tache ntoyera, pa tsinde pali kansalu kozungulira, ndipo pansi penipeni pali kathumba. Amai amene adziwa ndelema amva kale pamene pali ngozi, pakuti ndelema nayenso ali ndi timizere toyera, kansalu ndi kathumba, ndipo onse awiri ali ang'ono aoneka ngati dzira. Ndelema weniweni amera m'nkhalango zathu za chilengedwe. Chifukwa chache bowa ali yense wofanana ndi ndelema amene mwampeza pansi pa mitengo yachilendo, musiyeni pomwepo. Chipewa chimodzi cha mdani ameneyu chikwanira kupha munthu wamkulu. Sawawa m'kamwa, ndipo amene anapulumuka anena kuti akoma. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Mu 2021 banja lina lothawa nkhondo ku Afghanistan linasungidwa pafupi ndi mzinda wa Warsaw ku Poland. Anazula bowa m'nkhalango ya kumeneko naphika msuzi. Anyamata awiri a pa mimba imodzi, wa zaka 5 ndi wa zaka 6, anamwalira, ngakhale kuti anali m'manja mwa madotolo a chipatala chachikulu cha ana. Nkhani iyi itikhudza, chifukwa abale athu ambiri ali pa nchito ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Mukamalankhula nao pa foni, auzeni kuti maso amene adziwa bowa wa kwathu sadziwa bowa wa eni ache.

M'MENE CHIPHE CHICHITIRA M'THUPI

Apa mumvetsetse, pakuti mpamene ambiri anyengedwa. Munthu akadya mdani wachitatu uja samva kanthu msanga. Papita maola 6, kapena 12, nthawi zina tsiku lathunthu, ali bwino bwino, ali kulima. Pambuyo pache ayamba kupotokola m'mimba, kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa madzi okha okha. Popeza padutsa nthawi, palibe amene akumbukira za ndiwo za dzulo. Ena ati ndi kolera, ena ayamba kuloza zala anansi ao.

Tsiku lachiwiri kapena lachitatu wodwala aoneka ngati wachira. Apempha phala, abale akondwa, nati za chipatala zatha. Komatu nthawi yomweyo chiphe chiri kuononga chiwindi mwakachetechete. Patsiku lachitatu kufikira lachisanu maso asanduka achikasu, mkodzo uchepa chifukwa impsyo nazo zalema, munthu asokonezeka mutu, nakomoka. Ambiri amwalira pakatha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Tsono lamulo ndi ili: matenda akachedwa kuyamba, ndiye kuti ngozi ndi yaikulu.

ZIMENE ANTHU AKHULUPIRIRA KOMA SIZOONA

Ena ati bowa akadyedwa ndi mbozi, nkhono kapena nyerere ndiye kuti ngwabwino. Si zoona. Thupi la nkhono si thupi la munthu, ndipo tizirombo tidya bowa wakupha osafa.

Ena ati tiyambe tapatsa galu kapena nkhuku. Koma mwamva kuti chiphe chichedwa. Galu adzayamba kudwala inu mutadya kale, mutatsukanso mbale.

Ena ati ukawiritsa ndi kutaya madzi oyamba, kapena kuthira chidulo, poizoni atha. Chiphe cha mdani wachitatu sichimva moto. Kuphika, kukazinga, kufutsa ndi kuyanika pa dzuwa sikuchichotsa. Mfutso wa bowa woipa ungaphe banja m'chilimwe, mvula itaiwalika.

Ena ati bowa woipa adetsa sipuni kapena ndalama ya siliva m'mphika, kapena kuti anunkha moipa, kapena kuti woyera ali yense ngwabwino. Zonsezi zilibe umboni. Palibe njira yachidule. Njira ndi imodzi yokha: kumdziwa bowa ndi dzina lache, maonekedwe ache onse, ndi malo amene amera.

MALAMULO OYENERA KUSUNGA

1. Musadye bowa amene simumdziwa bwino lomwe. Mukakaika pang'ono pokha, tayani. Safunsa anadya phula.

2. Zulani bowa ndi tsinde lache lonse, osadula pamwamba, kuti muone ngati pansi pali muzu, kathumba kapena kachibulumwa.

3. Siyani bowa wamng'ono amene sanatambasule chipewa, pakuti zizindikiro zache sizinaoneke.

4. Musazule bowa wodya pansi pa paini, bulugama kapena mitengo ina yachilendo, ngakhale aoneke wonenepa bwanji.

5. Ana asapite okha. Akabwera ndi bowa, munthu wamkulu wodziwa ayang'ane mmodzi mmodzi, masana kuli kowala, osati madzulo pa nyali. Uzaninso ana kuti asalawe bowa wamuwisi posewera.

6. Musasakanize mitundu m'dengu limodzi kapena mumphika umodzi. Woipa mmodzi aononga ndiwo zonse.

7. Pogula, gulani bowa wathunthu kwa munthu amene adziwa dzina lache ndi kumene anamzula. Chenjerani ndi woduladula kapena wouma wosakaniza. Inunso ogulitsa, musagulitse chimene simungapatse ana anu.

8. Bowa wabwino yemwe akaola adwalitsa. Musamsunge m'jumbo, ikani m'dengu kapena m'lichero, ndipo phikani tsiku lomwelo mpaka apse.

MUNTHU AKADYA BOWA WOIPA

Pitani naye ku chipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku. Musadikire kuti kuche, musayambe mwapita kukaombeza. Onse amene anadya nao apite, ngakhale amene sali kumva kanthu, makamaka ana ndi amai apakati.

Tengani bowa wotsala, wamuwisi kapena wophika, ngakhale zinyenyeswa za kudzala. Muuzeni dotolo poyera kuti munadya bowa, nthawi imene munadya, ndi nthawi imene matenda anayamba. Ichi nchofunika kwambiri, chifukwa nyengo ya bowa ndiyonso nyengo ya kolera, ndipo poyamba matenda awiriwa afanana. Musachite manyazi kuti anthu adzati mai uyu sadziwa kuphika. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pa njira, ngati wodwala ali maso ndipo atha kumeza, mpatseni Thanzi pang'ono pang'ono. Ngati Thanzi palibe, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa, thirani masipuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Madzi awa sachotsa chiphe, angobwezera madzi amene ali kutayika. Musamkakamize kusanza, musampatse mowa, ndipo musampatse Panado, pakuti ameneyu alemetsa chiwindi chimene chavulala kale. Mkaka nawo si mankhwala a bowa. Wokomoka mgonekeni chammbali, ndipo musamthire kanthu m'kamwa.

Ku chipatala ali ndi madzi a diripi ndi njira zina zothandizira thupi kulimbana ndi chiphe, ndipo thandizo ligwira nchito bwino munthu akafika msanga. Wodwala akaoneka ngati wachira pa tsiku lachiwiri, musamthawitse. Dikirani kufikira dotolo anene yekha kuti pitani.

PEMPHO KWA MAFUMU NDI AMAI

Inu mafumu, tipempha kuti munene mau awa pa bwalo, pa maliro ndi pa misonkhano ya chitukuko. Ngozi ikagwa m'mudzi, thandizani kupeza njinga, ngolo kapena galimoto msanga, ndipo dziwitsani mlangizi wa za umoyo. Letsaninso anthu kunamizirana ufiti pa imfa imene yachokera mumphika.

Inu agogo ndi amai odziwa bowa, nzeru zanu ndizo mankhwala oposa onse pa nkhani iyi. Musapite nazo kumanda. Tengani atsikana ndi anyamata popita kutchire, muwaonetse wabwino ndi woipa ali pambali pa mnzache, muwauze maina ndi mitengo imene amera pansi pache. Mkamwini kapena mtengwa wochokera kutali mumuonetsenso, musaganize kuti adziwa kale. Ndiponso tisamale nkhalango zathu za mombo ndi msuku, pakuti zikatha, bowa amene timdziwa atha nazo pamodzi.

Kugona ndi nsima ya mchere usiku umodzi kuposa kukumba manda. Amene ali ndi funso afunse tsopano, ndipo amai amene abwera ndi madengu abwere nao kutsogolo kuno kuti tiyang'ane pamodzi.