Galu wa mnzanu akafa ndi dzanja lanu, alipire ndani?

Mutu wa lerowu ena auseka, ati galu n'chiyani kuti titayirepo nthawi. Koma inu amene munakhalapo pa bwalo la amfumu mukudziwa kuti alipo mabanja kuno ku Mecanhelas amene anasiya kupalana moto chifukwa cha galu.

Zimayamba chonchi. Galu wa mnzanu wazolowera kuba nsomba zimene mwayanika pa thandala, kapena wagwira nkhuku zanu kawiri katatu. Mwadandaula, mwini wake sakulabadira. Usiku wina mwathira tameki pa mkute, m'mawa galu wauma. Inu mukuti vuto latha, pamene mlandu wangoyamba kumene.

Buku la malamulo lotchedwa Código Civil, lomwe linalembedwa mu 1966 nthawi ya Apwitikizi ndipo likugwirabe ntchito m'dziko muno, limatenga galu ngati katundu wa munthu, chimodzimodzi njinga kapena bwato. Ndime 483 ikuti woononga cha mnzake, kaya mwadala kaya mosasamala, ayenera kulipira. Ndime 562 ndi 566 zikuti kulipirako ndi kubwezera zinthu m'mene zinalili, zikakanika mupereke ndalama. Apa ndiye pamakhala mkangano. Kagalu ka miyezi iwiri sikangafanane ndi galu wamkulu amene amapirikitsa anyani kumunda ndi kuuwa usiku akuba akamazungulira khola la mbuzi. Mwini galu afotokoze ntchito imene galuyo amagwira, ndipo abwere ndi mboni. Osangotchula mtengo chifukwa mtima ukuwawa ayi.

Tsono tamverani mbali inayi, chifukwa ndi imene imandimvetsa chisoni. Lamulo lomwelo, pa ndime 493 ndi 502, likuti chiweto chikaononga, wochisunga ndiye alipire. Ndiye kuti bambo wa nkhuku uja anali ndi mlandu woti akanapambana bwinobwino. Pothira tameki wausandutsa yekha, tsopano naye ndi wolipira. N'zoona kuti ndime 570 imalola woweruza kuchepetsa malipiro ngati mwini galu naye analekerera, koma kupha chiweto cha wina mwadala kungathenso kukufikitsani kupolisi. Komanso mkute wa poizoni susankha. Adya ndi mphaka, adya ndi nkhuku zanu zomwe, mwinanso mwana wokwawa.

A njinga zamoto ndi a galimoto, ndime 503 ndi yanu: mukagunda chiweto mungathe kulipira ngakhale simumathamanga, pokhapokha zitaoneka kuti ngoziyo yachitika chifukwa cha mwini chiwetocho, munthu wina, kapena chinthu chosapeweka chosakhudzana ndi kayendedwe ka galimotoyo. Imani, mufunse mwini wake. Kuthawa kumangokulitsa nkhani.

Galu wachiwewe ndi nkhani ina. Akamalumpha kuti alume munthu, lamulo limalola kuteteza moyo. Koma dziwitsani amfumu ndi alangizi a ziweto a ku SDAE tsiku lomwelo, kuti mawa wina asadzati munangomuda galu wake. Wolumidwayo atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala osadikira kuti kuche.

Nanga mlandu tipite nawo kuti? Yambani kwa amfumu kapena kwa sekeretale wa bairro. Zikakanika, pali tribunal comunitário, mabwalo omwe anakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 4/92 la mu 1992, ndipo ntchito yawo yoyamba ndi kuyanjanitsa anthu. Wosakhutira apite ku khoti la boma, ndipo amene alibe ndalama ya loya a IPAJ amamuthandiza ulere. Ndime 498 ikupereka zaka zitatu zokasuma, kuwerenga kuyambira tsiku limene munadziwa, koma ine ndikuti musadikire mpaka mboni ziiwale.

Mayi wina anandifunsa panja paja kuti, nanga misozi ya ana anga alipira ndani? Ku Portugal anasintha lamulo mu 2017, kotero kuti wopha chiweto chapamtima amalipiranso chisoni cha mwini wake. Kuno tili ndi ndime 496 yonena za kuwawidwa mtima, koma imafuna kuti kuwawako kukhale kwakukulu ndithu, ndipo woona zimenezo ndi woweruza. Ndiye mayi, kaitchuleni pa bwalo, koma musaikepo mtima kwambiri. Ndilekere pomwepa kuti ena afunse.