KATUNDU AMENE ANAOLOKA NYANJA KASANU

Nkhani ya lero ikuchokera ku America ndi ku Russia. Ikusimba za momwe akatswiri a sayansi a maiko aŵiriŵa anagwirizanira poŵerengera ndalama, pokonza zipangizo ndi posunga nthaŵi, kufikira anapanga mtundu wa atomu umene sunaonekepo chiyambire.

Chinthu chilichonse cha pansi pano chinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu. Atomu iliyonse ili ndi phata, ndipo mtundu wake umadziŵika ndi chiŵerengero cha mapulotoni okhala m'phatamo. Calcium, amene amalimbitsa mafupa a munthu, ali ndi mapulotoni 20. Chitsulo china chosoŵa kwambiri chotchedwa berkelium chili ndi 97. Mapata aŵiriŵa akagundana mwamphamvu nalumikizana, pamabadwa atomu ya nambala 117.

Makina ogwirira ntchitoyi anali ku Dubna, kumpoto kwa Moscow. Makinaŵa, otchedwa cyclotron, amathamangitsa maatomu mozungulirazungulira ndi mphamvu ya magetsi ndi maginito, kenaka n'kuŵaponya pa chandamale. Mtsogoleri wa ntchitoyi, Bambo Yuri Oganessian, anali ndi makinawo pamodzi ndi calcium wa mtundu wapadera, calcium-48, koma berkelium analibe. Chitsulochi sichikumbidwa pansi. Chimapangidwa m'ng'anjo ya nyukiliya, ndipo ng'anjo yoyenera inali ku Oak Ridge, m'chigawo cha Tennessee ku America.

M'chaka cha 2005 Bambo Oganessian anapempha anzawo a ku America kuti athandizane. Apa ndi pamene nkhani ya ndalama inabuka. Kuyatsa ng'anjo chifukwa cha berkelium yekha kukadadya madola pafupifupi 3.5 miliyoni. Koma berkelium amapezekanso ngati zotsalira pamene akupanga chitsulo china chotchedwa californium, chimene makampani amagula. Choncho anagwirizana zodikira mpaka ogula californium atapezeka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha; akatswiriŵa anadekha zaka zitatu, ndipo Bambo Joseph Hamilton a pa yunivesite ya Vanderbilt ankafunsafunsa ku Oak Ridge kuti mwayiwo ukafika usaŵapitirire.

Mwayi unafika mu 2008. Ng'anjo inagwira ntchito masiku 250. Zimene zinatulukamo anazisiya masiku 90 kuti zizizire, ndipo kupatula berkelium ku zitsulo zina kunatenga masiku enanso 90. Pomaliza anapeza mamiligalamu 22 okha, kulemera kwake ngati njere imodzi ya mpunga.

Tsono vuto la berkelium ndi lakuti sasungika. Pakapita masiku pafupifupi 330, theka lake limakhala litasanduka chinthu china. Tsiku lililonse lochedwa linali kuchepetsa chuma chimene anachivutikira, monga nsomba zaziŵisi zimaonongekera pamene galimoto yafera panjira. N'chifukwa chake a ku Dubna anayenera kukonzeratu makina awo, ndipo opanga chandamale anayenera kukhala chire katunduyo asanafike.

Berkelium anamuika m'zotengera zisanu za mtovu, nakwezedwa ndege kuchokera ku New York kupita ku Moscow. Koma a kasitomu a ku Russia anamubweza kaŵiri chifukwa mapepala ake anali osakwanira. M'masiku oŵerengeka katunduyo anaoloka nyanja ya Atlantic kasanu. Ataloledwa mu June 2009, anapita naye ku Dimitrovgrad, kumene anamupaka mopyapyala pa timapepala ta chitsulo cha titanium kuti akhale chandamale. Kumapeto kwa July makina a ku Dubna anayamba kuponya calcium-48.

Makinawo anagwira ntchito masiku 150. Pa maatomu osaŵerengeka amene anaponyedwa, asanu ndi amodzi okha ndiwo analumikizana n'kupanga atomu ya nambala 117, ndipo iliyonse inasweka sekondi imodzi isanathe. Komabe zipangizo zounikira zinalemba zizindikiro za kusweka kwake, ndipo akatswiri a ku Livermore ku America anathandiza kusanthula zolembedwazo. Zotsatira zinalengezedwa mu April 2010. Mu November 2016 atomuyi inapatsidwa dzina lakuti tennessine, polemekeza chigawo chimene berkelium anachokera.

Pa masiku onse a ntchitoyi, ochuluka anathera pa kudikira ndalama, kukonza zipangizo ndi kulongosola mapepala. Masiku oyatsa makina anali ochepa. Ndipo chimene chikadaononga zonse sichinali kusoŵa nzeru kapena kufa kwa makina, koma mapepala osakwanira pa bwalo la ndege. Aliyense wosunga chuma cha gulu, kaya ndi cha sukulu kaya cha kalabu ya alimi, akhoza kutolapo kanthu pamenepa: poŵerengera ntchito, masiku aziŵerengedwa mosamala monga momwe ndalama zimaŵerengedwera.