Kukoka Bwato pa Mseu: Malangizo kwa Asodzi a m'Makomboni a Lusaka

 Mzinda wa Lusaka ulibe nyanja kapena mtsinje waukulu. Motero munthu wa mumzinda uno akagula bwato la injini, wadzigulira ulendo wa pamseu: makilomita pafupifupi 45 kukafika ku Kafue, kapena pafupifupi 200 kukafika ku Siavonga pa nyanja ya Kariba. Akulu anati walira mvula walira matope.

Nkhani yathu ya lero ndi ya ulendo umenewu. Ambiri amaopa ng'ona, mvuu ndi mafunde, ndipo amachita bwino kutero. Koma bwato likakwera pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, imene ena amaitcha telela, limasanduka katundu wolemera amene amakankha galimoto kuchokera kumbuyo. Ulendo wotere umakoma kapena kuipa chifukwa cha zimene mwachita pakhomo panu dzulo lake.

Tiyambe ndi kulemera. Musawerengere bwato lokha. Injini ya kumbuyo ya mphamvu ya mahatchi 40 imalemera makilogalamu 70 kapena kuposapo. Batire yoyendetsa kainjini kakang'ono ka magetsi, kaja kamayendetsa bwato mwakachetechete posaka nsomba, imafika makilogalamu 25. Thanki ya malita 25 ikadzaza petulo imaposa makilogalamu 20. Onjezani maukonde, nangula, mchere, madzi oundana ndi ngolo yeniyeniyo. Kumbukiraninso kuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Bwato limene lakhala pabwalo m'nyengo ya mvula likhoza kusunga malita 100 pansi pa matabwa ake inu osadziwa. Choncho chotsani chitsekerero cha kumbuyo, madzi atuluke onse musananyamuke.

Ngolo yopanda mabuleki akeake isapitirire makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake yense, ndipo galimoto yaing'ono singathe ngakhale mulingo umenewu. Onani m'buku la galimoto yanu kulemera kumene opanga analoleza. Ngoloyo iyeneranso kulembetsedwa ku bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene linakhazikitsidwa potsata lamulo la pamseu la chaka cha 2002. Ikhale ndi nambala yake, nyali za kumbuyo, za mabuleki ndi zokhotera, pamodzi ndi zonyezimira. Funsani komweko ngati chiphaso chanu chikuloleza ngolo ya kulemera kotero.

Tsono mvetsani bwino mfundo iyi, pakuti ndi imene imagwetsa ambiri. Injini iri kumbuyo kwenikweni kwa bwato, kuseri kwa matayala a ngolo. Mukaunjikanso mathanki ndi batire kumeneko, mphuno ya ngolo imapepuka ndi kuyamba kunyamula matayala a kumbuyo a galimoto. Pa liwiro lochepa simudzaona kanthu. Mukangothamanga, kapena lole yaikulu ikakupitirirani ndi mphepo yake, ngolo imayamba kugwedeza mchira uku ndi uku, ndipo kugwedezako kumakula mpaka galimoto kuchoka mu mseu. Mankhwala ake ndi kusendeza katundu wolemera kutsogolo pang'ono kwa matayala, ndi kumuika pansi penipeni. Mphuno ya ngolo iyenera kupsinja chokolowekera cha galimoto ndi magawo 7 mpaka 10 mwa magawo 100 a kulemera konse. Ngati zonse pamodzi ziri makilogalamu 500, mphuno ilemere 35 mpaka 50. Sikelo yoyezera chimanga ikhoza kukuuzani zimenezi. Mukatha kunyamula mphunoyo ndi zala ziwiri, dziwani kuti yapepuka koposa.

Pokoloweka, onani kuti kamwa la ngolo lameza mpira wachitsulo wa galimoto, ndi kuti onse awiri ndi a mulingo umodzi. Tsekani ndi pini yake. Waya kapena msomali wopinda si pini. Matcheni awiri muwapingase pansi pa mphuno, kuti chokolowekera chikamasuka mphunoyo igwere pa matcheni, isakumbe phula.

Bwato limangidwe malo atatu: kutsogolo, ndi ngodya ziwiri za kumbuyo. Chingwe chokwezera bwato pa ngolo sichikwanira chokha. Wonjezani tcheni chachifupi kutsogoloko. Gwiritsani ntchito malamba olimba omangira katundu. Mphira zodula ku machubu zimatamuka, ndipo bwato limadumpha pa maenje.

Injini yaikulu ikhoza kuyenda choimirira ngati mwendo wake uli patali ndi nthaka. M'miseu ya m'makomboni, momwe muli maenje, miyala ndi ngalande, nthawi zambiri muyenera kuipendeketsa. Mukatero musadalire kachitsulo kake kogwiriziza, pakuti sikanapangidwire mabampu a pamseu. Chirikizani mwendowo ndi mtengo wolimba kapena chitsulo chochokera pa ngolo, ndi kuumanga kuti usagwedezeke; mukapanda kutero thabwa la kumbuyo kwa bwato lidzang'aluka pang'onopang'ono. Injini yaing'ono ya mahatchi 15 kapena kucheperapo ndi bwino kuichotsa ndi kuigoneka m'galimoto. Ngati iri ya mtundu wosunga oilo payekha, igonekeni mbali imene opanga anasonyeza, kuopa kuti oilo angalowe m'malo osayenera. Kainjini ka magetsi kapindidwe, kamangidwe mutu, ndipo mawaya ake achotsedwe ku batire kuti kasayambe kuzungulira kokha. Batire ikhale m'bokosi lomangidwa, kutali ndi petulo. Thanki itsekedwe kabowo kake kopumira, ndipo isakwere m'kati momwe muli anthu.

Matayala a ngolo ndi aang'ono, ndipo amazungulira kawirikawiri kuposa a galimoto. Kawirikawiri amafa ndi dzuwa ndi ukalamba mapazi ake akali atsopano. Mukaona ming'alu m'mbali, sinthani. Pimani mpweya m'mawa matayala asanatenthe. Kwezani ngolo ndi jeke, zungulizani gudumu lirilonse ndi kuligwedeza: likamalira kapena kusewera, mabeyaring'i atha kapena girisi wauma. Tengani tayala lapadera, jeke, sipanala yoyenera ndi mabeyaring'i ena, chifukwa m'tchire simudzawapeza.

Potuluka m'komboni yendani ngati muli pa maliro. Ana amakonda kukwera pa ngolo, ndipo woyendetsa sawaona. Munthu wamkulu mmodzi ayende pansi kukuonetsani njira mpaka mutafika pa mseu waukulu. Pokhota tengani malo aakulu, popeza matayala a ngolo amadula ngodya ndipo akhoza kugwera m'ngalande kapena kugunda thebulo la wogulitsa. Munthu aliyense asakwere m'bwato liri pa mseu. Mukayenda makilomita 10 kapena 15, monga pofika ku Chilanga, imani pamalo abwino. Kokani malamba, yang'anani pini, ndipo khudzani pakati pa gudumu ndi kuseri kwa dzanja. Kufunda n'kwabwino; kukakutenthani, musapitirire.

Amene mukupita ku Siavonga kapena ku Chirundu, mayeso enieni ali patsogolo. Mukaoloka mlatho wa Kafue ndi kusiya mphambano ya ku Livingstone, mseu umayamba kutsika mapiri kulowa m'chigwa cha Zambezi. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene madzi a Kariba ali pansi pa mamita 500. Ndiye kuti mukutsika mamita pafupifupi 800, katundu yense akukukankhani, m'mseu wokhotakhota umene mumadzaza malole opita kumalire. Dzina la malo amodzi kumeneko, Kapiri Ngozi, likudzifotokoza lokha. Woyendetsa akaponda mabuleki osalekeza, zitsulo zimatentha, mafuta a mabuleki amawira, ndipo phazi limangofika pansi galimoto osaima. M'mwezi wa October, pamene kutentha kwa m'chigwa kumafika madigiri 40, zimenezi zimachitika msanga. Choncho lowani giya yaing'ono musanayambe kutsika, injini ya galimoto ikugwirireni katunduyo. Pondani mabuleki mwamphamvu kwa kanthawi, kenaka muwasiye apume. Musatsike galimoto iri pa fili pofuna kusunga mafuta. Siyani mpata wowirikiza kawiri pakati pa inu ndi galimoto ya patsogolo. Ngolo ikayamba kugwedeza mchira, musaponde mabuleki mwadzidzidzi ndipo musalimbane nayo ndi chiongolero. Gwirani chiongolero chilunjike, chotsani phazi pa mafuta, liwiro litsike lokha. Zomwezi zikhudza opita ku Luangwa kudzera pa Manenekela.

Mukafika kumadzi musathamangire kulowetsa ngolo. Mabeyaring'i otentha akamizidwa amazizira mwadzidzidzi ndi kuyamwa madzi, ndipo dzimbiri lake ndi limene lidzakugonetseni panjira ulendo wotsatira. Dikirani mphindi 15 kapena 20. M'nthawi imeneyo bwezerani chitsekerero cha kumbuyo, masulani malamba, chotsani waya wa nyali, ndipo aliyense avale jekete yoyandamitsa. Tcheni cha kutsogolo chimasulidwe bwato litafika kale pamadzi. Yang'anitsitsani gombe musanaponde m'madzi, pakuti ng'ona zimadziwa malo amene anthu amatsikira. Kumbukiraninso kuti pa mtsinje wa Kafue usodzi umatsekedwa kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, kuti nsomba ziswane.

Pobwerera katundu wasintha: petulo wachepa, nsomba zachuluka, ndipo inu mwatopa ndi dzuwa. Yezaninso mphuno ya ngolo. Chotsani udzu wonse wa m'madzi pa ngolo ndi pa injini, ndi kukhetsa madzi a m'bwato pomwepo, kuti musasamutse namasupuni kapena nkhanu zachilendo zija zochokera ku Australia kupita nazo kumadzi ena. Mowa udikire mpaka mutafika kwanu. Dzuwa likakuloweranitu m'chigwa, gonani komweko. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ana amene akudikira ndiwo akudikiranso inu.

 Muyende bwino.